Tupa la a Njiri ndi Nkhwangwa ya Mkamwini

Padangokhala, inu muli pompo makutu ali tcheru. Kalekale, zinyama zikadakwatirana mosayang'ana ubweya, Likongwe anakakwatira kumudzi kwa Mfumu Nungu. Mfumuyo inali yaikazi, ndipo mwana wake amene Likongwe anakwatira dzina lake anali Naminga. Awiriwa anabereka ana awiri, Ndaziona ndi Kachere.

Likongwe anali wosula zitsulo, komanso anali tambwali. Ndisakubisireni, kwawo anachokako atagulitsa khasu limodzi kwa ogula atatu. Koma akakhala pachipala, chinyengo ankachisiya panja. Chitsulo ankachidziwa bwino, ankachimva ndi khutu nyundo ikagunda. Tsoka lake linali lakuti anali mkamwini. Nyumba inali ya mkazi, munda wa mkazi, ana a kuchikazi. Zake zenizeni zinali nyundo ndi mphasa basi. Ndipo mwa mwambo, iye ndi apongozi ake sankayang'anana kumaso kapena kulankhulana. Akaona mfumu ikubwera panjira, Likongwe ankapatukira kutchire mpaka idutse. Mawu onse pakati pawo ankadzera mwa nduna ya mfumu, a Njiri.

Tsono a Njiri anali ndi tupa, chitsulo chija cha timano ting'onoting'ono chopalira zitsulo zinzake. Analigula kwa amalonda odutsa, ndipo ankalivala m'khosi ngati chithumwa. Posamba ankasamba nalo, pogona ankagona nalo. Nzeru zawo zonse zinali m'tupamo. Ankati chitsulo chimene tupa lachidya ndi mbatata, chimene tupa laterereka pamwamba pake ndiye champhamvu. Palibe ankawatsutsa, poti pamudzi ponse tupa linali lomwelo.

Chaka china mfumu inafuna kumanga nyumba mvula isanagwe, ndipo inati mzati wake ukhale wa muwanga. Muwanga si mtengo wamasewera. Nkhwangwa zonse zapamudzi zinapita n'kubwerako milomo itapindika. Mfumu nayo inali itatopa ndi madandaulo a utambwali wa mkamwini wake, ndiye inatuma a Njiri.

"Akamwini, mfumu ikufuna nkhwangwa yodula muwanga," anatero a Njiri ataima pachipala. "Akuti mwadya zokwanira pamudzi pano, tione ntchito."

"Ndamva, anduna."

"Simunamve, sindinathe. Mwapatsidwa maulendo atatu. Mukalephera kamodzi, mfumu izula munga pamsana pake, ine ndidzaubaya pachitseko panu. Minga ikakwana itatu, mupinde mphasa yanu muone msana wa njira."

"Nanga ana?"

"Ana ake a ndani? Tambala wobwereka akamabwerera kwawo amatenga anapiye?"

A Njiri anachoka akuseka. Likongwe sanaseke. Aka kanali koyamba m'moyo wake kuchita mantha enieni. Anasuzumira m'dengu mwake napeza zidutswa ziwiri zokha za chitsulo chabwino, ndipo ng'anjo yosungunulira china sikanayatsidwanso mpaka atakolola. Maulendo atatu, zitsulo ziwiri.

M'mawa mwake Naminga anakhala pa mvukuto wokolezera moto, Likongwe anagwira nyundo. Posula anayamba nyimbo yake. Inali nyimbo yonyengerera chitsulo ngati mwana wamakani, yochipempha kuti chisadzikuze, chiweramitseko khosi pang'ono kuti bambo wa ana agone pakhomo. Naminga ankavomera potchula maina a ana awiri aja, dzina limodzi dzanja likatsika, linalo dzanja likakwera.

Nkhwangwa itaumbika, Likongwe anaifiiritsa n'kuinyika m'madzi. Inalira kuti tswee! Kenako anaipukuta mlomo ndi mwala mpaka unayera, n'kuiikanso pamwamba pa makala ofooka.

"Bwanji mukuibwezera pamoto, bambo a Ndaziona? Si mwaiumitsa kale?"

"Madzi aiumitsa mopyola. Panopa ili ngati phale, ikagunda mtengo isweka. Ndikuifunditsa kuti itayeko kuuma kwina, iphunzire kupirira."

"Mudziwa bwanji kuti yakwana?"

"Yang'ana pamlomopo. Ikafika mtundu wa chimanga chokazinga chisanapserere, ndiye kuti yapsa. Vukuta pang'onopang'ono, mayi."

Mtunduwo utafika, anaichotsa msanga n'kuiziziritsa. Inali nkhwangwa yabwino kuposa zonse zimene anasulapo.

Tsiku loyesa, mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Mfumu inakhala uko pampando wake, Likongwe anakhala kuno kuseri kwa nkhokwe atafulatira, monga mkamwini waulemu. A Njiri anavula tupa m'khosi modzitama, naligoneka pamlomo pa nkhwangwa. Khwee, khwee. Timphumphu ta chitsulo tinagwa pansi, ndipo pamlomopo panatsala kachipsera.

"Mbatata!" anakuwa a Njiri. "Tupa ladya! Iyi ndi yodulira mapapaya!"

Likongwe anawakodola. "Anduna, akuluakulu anati nkhwangwa siithwera pachipala. Kawauzeni apongozi kuti tikaiyese pamtengo."

A Njiri anayenda mpaka pamaso pa mfumu, nagwada. "Akuti apepesa kwambiri, ayesanso."

"Amayi, sananene choncho!" anatero Naminga.

"Mkazi anayamba liti kukhala mboni ya mwamuna wake?" anafunsa a Njiri.

"Khala chete, mwana iwe," inatero mfumu. Inazula munga umodzi pamsana pake. A Njiri anaponya nkhwangwa ija kudzala, napita kukabaya mungawo pachitseko cha Likongwe.

Likongwe anakhala masiku awiri osayatsa moto. Akalowa m'nyumba ankauona mungawo, akatuluka ankauonanso. Tsiku lachitatu anati, "Chabwino. Mkamwini asamakule mwendo. Akufuna youma, ndiwapatsa youma."

"Koma munati youma imasweka."

"Mwina ipirira kawiri katatu, mtengo n'kugwa. Ndinenenji? Ndikasula yabwino sifika n'komwe kumtengo."

Anatenga chidutswa chachiwiri, chomaliza. Naminga anavukuta, Likongwe anayambanso nyimbo yonyengerera chitsulo ija, koma ulendo uno ankaimba ngati munthu wopempha chimene akudziwa kuti sapatsidwa. Naminga anatchula maina a ana mofulumira, moti mvukuto unkatsalira m'mbuyo. Nkhwangwa itafiira, Likongwe anainyika m'madzi ozizira a mumtsuko, ndipo sanaibwezerenso pamakala.

Pabwalo a Njiri anagonekanso tupa lawo. Tseree! Linaterereka osasiya kanthu. Anayesanso ndi mphamvu, mpaka mchira wawo unaima. Tseree!

"Iyi ndiye nkhwangwa!" anatero. "Mwaona, akamwini? Mukamvera akuluakulu zinthu zimayenda."

Amayi analuluta. Gulu lonse linapita kumtengo, ndipo Njati, amene anali wodula mitengo wa mfumu, analavulira m'manja nakweza nkhwangwa. Likongwe anatsinzina.

Phwaa!

Nkhwangwa inasweka patatu pa ulendo woyamba womwe. Zibenthu ziwiri zinauluka n'kukalasa a Njiri m'masaya, ndipo njerewere zikuluzikulu zimene mumaziona kumaso kwa Njiri zinayambira pamenepo. Mukuganiza kuti munthuyo anaphunzirapo kanthu? Ayi ndithu. Magazi akuchucha, anathamangira kwa mfumu.

"Sinaume mokwanira! Akadaiumitsa kuposa apa sikadasweka. Mkamwini uyu ndi waulesi, ndipo akufuna kundipha!"

Munga wachiwiri unabayidwa pambali pa woyamba.

Apa ndiye madzi anafika m'khosi. Chitsulo chinali chitatha. Mitambo inali itayamba kusonkhana masana aliwonse, ndipo a Njiri ankadutsa pachipala m'mawa ndi madzulo kufunsa ngati mphasa ili ndi chingwe chomangira. Likongwe anasiya kudya. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana ana ake akusewera, n'kumawerenga m'mutu masiku amene akanayenda kuti adzawaone, ngati akanaloledwa n'komwe. Anaonda mpaka mchira unathothoka ubweya.

"Tiyeni tibe tupalo tikaliponye m'chitsime," anatero Naminga tsiku lina.

"Likasowa aloza ndani? Pamudzi pano mbava yodziwika ndi imodzi, ndipo wakwatiwa nayo ndiwe."

"Ndiye ndikalankhule ndi amayi kuseri."

"Unayesa. Anakuyankha chiyani?"

"Anati nkhani za zitsulo ndi za a Njiri."

"Basi. Sulani yabwino, tupa liikana. Sulani yokondweretsa tupa, mtengo uikana. Uku moto, uku madzi."

Anali akuseweretsa chibenthu cha nkhwangwa yosweka ija m'manja. Anachiika pamwala, nachigogoda pang'ono ndi nyundo, ndipo chinaphwanyika ngati chigoba cha dzira. Likongwe anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako makutu ake anaima.

"Mayi a Ndaziona, pamudzi pano chitsulo chouma kuposa zonse ndi chiti?"

"Tupa la a Njiri, nanga ndi chiti china?"

"Linagwirapo ntchito yanji, kupatula kukanda zinzake?"

"Palibe."

"Eya," anatero Likongwe. "Tandipatsako chakudya chatsala chija."

Masana, onse ali kumunda kukonza mizere, Likongwe anakwawira kudzala nafukula nkhwangwa yoyamba ija pansi pa makoko ndi phulusa. Inali itachita dzimbiri pang'ono koma inali yomweyo. Kachipsera ka tupa kanali pomwepo pamlomo, koonekera kwa aliyense wa maso. Kukachotsa kukanafuna kupala mlomo wonse, ndipo nkhwangwa ikanafupika moti a Njiri akanafunsa.

Masiku atatu moto unayaka pachipala, ndipo mudzi wonse unamva nyundo. Likongwe ankangomenya chikhasu chakutha cha mkazi wake kuti phokoso limveke. Nyimbo ija inamvekanso, koma tsopano pofika ponena za bambo kugona pakhomo ankadukiza n'kuyambiranso. Naminga ankatchula maina a ana motsitsa, ngati akuopa kuti wina awalanda akawamva.

Tsiku lachinayi Likongwe anakwekweza chipika cha nthambi ya muwanga imene mphepo inagwetsa. Anazika nkhwangwa mumpini watsopano, naitema m'chipikamo motsata mtima wa mtengo. Kenako anatenga nyundo n'kuikhomerera, naikhomereranso, mpaka chitsulo chonse chinamira, panja panangotsala mpini. Chipika chinang'ambika kamng'alu kakang'ono mbali zonse ziwiri.

"Mwapenga kodi?" anafunsa Naminga. "Mawa ndi tsiku loyesa!"

"Chipsera chabisika."

"Nanga akaizula?"

"Aizula ndi chiyani?"

"Bambo a Ndaziona, izi zikakanika, sikudzakhalanso kupinda mphasa. Adzakuthamangitsani ndi miyala."

"Ndikudziwa, mayi. Mawa ukatenge chikhasu chija ubise munsalu, ndipo ukakhale pafupi ndi nkhokwe. Ndikamalankhula nawe, uzindiyankha mokweza ngati ndiwe gonthi."

Kutacha anagubuduza chipika chija mpaka pabwalo. Anthu anaseka. A Njiri anabwera masaya atamatidwa mankhwala, tupa lili m'manja kale.

"Ichi n'chiyani, akamwini? Tinati nkhwangwa, osati nkhuni."

"Pepani, anduna. Ndimafuna kuona ngati mpini wagwira, ndiye ndinangogunda kamodzi. Yakanirira."

"Kamodzi?" anatero Njati, nayandikira kuti aone bwino. "Mumuwanga?"

"Zimenezo si umboni," anatero a Njiri msangamsanga. "Umboni ndi tupa. Zulani ndipale mlomo wake."

Njati anagwira mpini nakoka. Chipika chinanyamuka chonse pamodzi ndi nkhwangwa. Anachiponda ndi phazi nakokanso mpaka maso anatuzuka, koma muwanga unaluma osasiya. Ena anabwera ndi zikhomo zamitengo kuti akulitse mng'alu, zikhomozo zinaphwanyika. Dzuwa linakwera. Mfumu inayamba kugwedeza minga yake, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo la phokoso limenelo.

Likongwe, ali kuseri kwa nkhokwe, anayamba kulankhula ndi mkazi wake.

"Mayi a Ndaziona, apa pakufunika chitsulo cholowetsa mumng'alumo n'kukanula."

"Chitsulo chanji?" anakuwa Naminga, moti ndi nkhuku zomwe zinadzidzimuka.

"Champhamvu zedi. Koma pamudzi pano palibe."

"Palibe? Nanga tupa la anduna?"

"Aa, tsitsa mawu! Limenelo lisiye. Ndi lokandira chabe, ntchito ya amuna silingaithe."

"Mukuti tupa la anduna silingaithe?"

"Ndati tsitsa mawu! Ungawachititse manyazi akuluakulu pagulu."

Maso onse anatembenukira kwa a Njiri, ndipo a Njiri anatupa ngati chule.

"Mkamwini iwe, wati chiyani?"

"Palibe, anduna. Timangocheza ndi akazanga. Chonde musaliike mmenemo, ndapota nanu. Lisungeni m'khosi momwemo, limakukhalani bwino."

"Tupa ili ladya makasu a mudzi wonse! Ladya mikondo! Ladya nkhwangwa yako yomwe! Chitsulo choposa ili chinabadwa?"

"Kuuma ndiye ndi louma, anduna, sindikukana."

"Chouma ndiye champhamvu! Patukani!"

Likongwe anagwira mwendo wa nkhokwe ndi manja onse awiri. Akanangoti a Njiri aganize kawiri, kapena wina anene kuti tingowotcha chipikacho, zonse zikanathera pomwepo. Koma kunyada sikuganiza kawiri. A Njiri analowetsa tupa mumng'alu mpaka theka, nalavulira m'manja, natsamira ndi thupi lawo lonse.

Thyoo!

Anagwa chagada, miyendo m'mwamba, theka la tupa lili m'manja. Theka linalo linatsala m'chipika. Palibe anaseka, chifukwa onse anachita mantha. Chinthu chimene chinaweruza zitsulo zonse zapamudzi chinali chitathyoka ngati phesi.

"Waliloza!" anakuwa a Njiri akudzuka. "Mfumu, mkamwini uyu ndi mfiti, waloza tupa langa!"

"Zulani nkhwangwayo," inatero mfumu. Mawu ake anali ozizira.

Naminga anatulutsa chikhasu chakutha chija munsalu napatsa Njati. Chinali chitsulo chofewa, choti tupa likanachidya ngati nthochi. Njati anachikhomera mumng'alu natsamira. Chikhasu chinapindika, chinapindikabe mpaka chinakhota ngati uta, koma sichinathyoke. Chipika chinalira kuti ng'aa, ndipo nkhwangwa inagwa pansi.

A Njiri ndiwo anayamba kuitola. Anaitembenuza, nayang'ana pamlomo, ndipo nkhope yawo inawala.

"Onani! Onani nonse! Apa ndi pamene tupa langa linadya! Iyi ndi yoyamba ija, mbatata ija ndinataya kudzala! Sanasule kanthu, watinamiza masiku atatu ndi phokoso la nyundo!"

Anthu anang'ung'udza. Likongwe anamva phokoso limene ankaliopa, la munga ukuzulidwa pamsana, ndipo anamva Naminga akuyamba kulira. Anaganiza zothawa, koma panalibe kothawira. Anangokhala pansi mutu uli pakati pa mawondo.

"Bweretsani zitsulo zonse zitatu pano," inatero mfumu.

Anaziyala pamaso pake: zidutswa za tupa, chikhasu chokhota, ndi nkhwangwa. Mfumu inaziyang'ana nthawi yaitali, munga wachitatu uli m'dzanja. Inagwira mlomo wa nkhwangwa ndi chala.

"A Njiri, ichi chathyoka. Ichi chapindika. Iyi yalowa mumuwanga ndipo yatuluka mmene inalowera. Mwa zitatuzi, ndi chiti chimene ndingatume kumtengo lero?"

"Koma mfumu, tupa linaidya."

"Ndikufuna mzati. Tupa ndigona pansi pake? Njati, nyamula."

Onse anapitanso kumtengo. Likongwe anatsatira kumbuyo kwenikweni. Njati anakweza nkhwangwa. Go! Chibenthu cha mtengo chinauluka. Go! Go! Likongwe ankadzidzimuka ndi kugunda kulikonse, akudikira phwaa uja. Atafika pakati, Njati anaima nayang'ana mlomo.

"Yabunthako pang'ono."

"Mwamva!" anatero a Njiri. "Ndinanena ine!"

Naminga anatenga nkhwangwayo napita nayo kwa mwamuna wake. Likongwe anaipaka pamwala wonolera kangapo, naibweza. Njati anayambiranso. Dzuwa lisanapendeke, muwanga unalira n'kugwa.

"Chobuntha tanola," inatero mfumu. "Chothyoka chanu chija, a Njiri, tinola ndi chiyani?"

A Njiri anayang'ana pansi. Komabe anali ndi mawu amodzi otsala, ndipo anali oona. "Ngakhale zili choncho, mfumu, wanama pabwalo lanu. Lamulo linali lanu. Ulendo wachitatu sanasule kanthu."

Amayi amene anayamba kululuta anasiya. Munga unali udakali m'dzanja la mfumu. Ndipo mfumu inachita chinthu chimene palibe anachionapo chibadwire. Inanyamuka, niyenda yokha, osati kupita kwa nduna yake koma kuchitsamba kumene mkamwini wake anabisala. Anthu anagwira pakamwa. Likongwe anamva minga ikuyandikira, nafuna polowa pansi koma panalibe una.

"Bambo a Ndaziona."

Tambwali uja, amene anagulitsa khasu limodzi katatu, amene anathyola tupa la nduna ndi lilime lokha, anaweramitsa mutu ngati mwana. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala pamudzipo, ndipo aka kanali koyamba kumva mawu amenewo akulankhula ndi iye.

"Ndikulankhula ndi inu. Munadziwa kuyambira pachiyambi kuti yoyambayi ndiyo yabwino?"

"Ndinadziwa, amayi."

"Munadziwa kuti yachiwiri ija isweka?"

"Ndinadziwa."

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu anga. Mwavulaza nduna yanga. Mwana wanga waonda ndi nkhawa. Bwanji osangondiuza?"

Likongwe sanadzutse mutu. Maso ake anali pa zala za kumapazi.

"Ndikanadzera kuti, amayi?"

Mfumu inacheuka kuyang'ana a Njiri, ndipo a Njiri anapeza chochita ndi chingwe chopanda kanthu chimene chinali m'khosi mwawo. Inayang'ana mwana wake Naminga, amene inamuuza kuti akhale chete. Zinaipweteka mtima, ndipo sinabise. Inatambasula dzanja, munga uja unagwa pansi.

"Nyamukani," inatero. "Pitani kunyumba. Ana anu sanadye chichokere m'mawa."

Likongwe ananyamuka, koma sanayende. Anaganiza kuti mwina sanamve bwino.

"A ndani, amayi?"

"Ndati ana anu. Kapena mufuna a Njiri akufotokozereni?"

Pamenepo Likongwe anathamanga, ndipo Naminga sanathe kumupeza mpaka pakhomo.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule, makala a pachipala sachedwa kupsereza.